Holašovice: Ndemanga Yachiwiri, Mudzi Titauona M'nyengo Yotentha ndi Yachisanu

Ndemanga yoyamba ija, yolembedwa mu Julayi, inati mudzi wa Holašovice ndi malo okacheza maola awiri n'kubwerera. Patatha miyezi tikubwererako mpaka chisanu kugwa, maganizo amenewo asintha. Maola awiri amakwanira wongojambula zithunzi, koma wofuna kumvetsa mamangidwe ake apatule tsiku lathunthu, ndipo apite pamene alendo achepa.

Mudziwu uli kum'mwera kwa dziko la Czech, makilomita pafupifupi 16 kumadzulo kwa mzinda wa České Budějovice, m'mphepete mwa mapiri a Blanský les. Mumakhala anthu pafupifupi 140. Pakati pali bwalo la mamita 210 m'litali ndi 70 m'lifupi, lozunguliridwa ndi makomo 23 a alimi, ndipo pabwalopo pali dziwe, chipala cha wosula zitsulo ndi katchalitchi ka Yohane wa ku Nepomuk ka mu 1755.

Chimene chimakoma kwambiri mukabwererako ndi kamangidwe ka khomo lililonse. Poyamba maso amathamangira ku zokongoletsa za pulasitala pamwamba pa makoma ndi zaka zolembedwapo, zambiri za pakati pa 1840 ndi 1880. Pambuyo pake mumaona dongosolo lake. Kumbali imodzi kuli nyumba yaikulu ya mwini munda. Kumbali inayo kuli nyumba yocheperapo, momwe makolo ankasamukira akasiyira mwana munda, kapena nkhokwe ya njerwa yokhala ndi timawindo tating'ono tolowetsa mpweya. Pakati pali chipata chachikulu cha ngolo ndi kakhomo ka oyenda pansi, ndipo kumbuyo nyumba yosungira udzu ndi zokolola imatseka bwalo lamkati. Mukazindikira zimenezi pakhomo limodzi, ena onse mumawawerenga mosavuta. Masamba akayoyoka mu Novembala zonsezi zimaonekera bwino koposa.

Mbiri yake ndi yolemera kuposa mmene makoma owalawo amaonetsera. Mu 1292 mfumu Václav II inapereka mudziwu kwa amonke a ku Vyšší Brod, ndipo unali m'manja mwawo mpaka 1848. Mliri wa pakati pa 1520 ndi 1525 unasiya anthu awiri okha, amonke n'kubweretsa alimi ochokera ku Bavaria ndi Austria. Zidzukulu zawo zolankhula Chijeremani ndi zomwe zinamanga nyumba zomwe tikuzionazi, ndipo ambiri mwa anthu olankhula Chijeremani a m'mudziwu anathamangitsidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Kusowa kwa omanganso mwatsopano m'zaka zotsatira n'kumene kunasunga mudziwu mmene unalili, mpaka bungwe la UNESCO kuulemba pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1998.

Zovuta zilipo. Ano ndi makomo a eni ake, choncho zipata zambiri n'zotseka. Musayembekeze kulowa paliponse. Mabasi ochokera ku České Budějovice amachepa Loweruka ndi Lamlungu, ndiye onani pa IDOS, tsamba la pa intaneti losonyeza nthawi za mabasi, nthawi ya basi yobwerera musananyamuke. M'nyengo yachisanu malo odyera ndi zionetsero amatsegula maola ochepa kapena osatsegula n'komwe, ndipo mu Disembala kumada cha m'ma 4 koloko. Tengani kamba. Mudzaonanso pulasitala itathimbirira kapena kusendeka m'munsi mwa makoma ena: chinyezi chimakwera kuchokera m'nthaka, chikaundana chimafufuma n'kuthothola njereza. Si kulekerera ayi, ndi ntchito yofuna kubwerezedwa kawirikawiri.

Chikondwerero cha Selské slavnosti cha mu Julayi n'chabwino kwa wofuna ntchito zamanja, koma misasa ya ogulitsa imaphimba nyumba zomwe mwabwera kudzaona. Bwalo la miyala la kunja kwa mudzi, lomwe ena amalitcha Stonehenge potengera bwalo lamakedzana la miyala la ku England, linaimikidwa mu 2008. Si lamakedzana, mphindi 20 zikwanira.

Nthawi yotsalayo pitani ku Záboří, mudzi woyandikana nawo wa mamangidwe omwewo koma wopanda gulu la alendo. Tsitsirani mapu a Mapy.com pafoni musanachoke m'tauni, ndipo valani nsapato zosalowa madzi, chifukwa njira za m'minda zimachita matope kuyambira Okutobala.