Air fryer ya malita 4: imachepetsadi mafuta a pa Khrisimasi, koma ili ndi malire ake

Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano zikayandikira, botolo la mafuta ophikira silichedwa kutha: chipisi, nkhuku, masoseji, zonse zokazinga m'mafuta ambiri. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi ma calorie pafupifupi 120, ndiye onkhetsani nokha. Apa ndiye pomwe air fryer (chipangizo chophikira cha magetsi) ya basiketi ya malita 4 kapena 5 imathandiza. Imaphika ndi mpweya wotentha womwe fani imazunguliza mkati, moti chipisi cha theka la kilogalamu chimangofuna supuni imodzi.

Koma chipisicho chimafuna mwambo. Dulani kachewere mokhuthala ngati sentimita imodzi, mumuviike m'madzi kwa mphindi 30, kenako mumuumitse bwino ndi nsalu yoyera. Akalowa wonyowa amatuluka wofewa ngati wowiritsa. Sakanizani ndi mafuta m'mbale, osati m'basiketi, ndipo ikani pa 180°C kwa mphindi 20 mpaka 25, mukugwedeza basiketi kawiri kapena katatu. Vuto la ambiri ndi kudzaza mpaka pakamwa. Mpweya umasowa podutsa, ndiye pamwamba pamapserera pomwe pakati pali paziwisi.

Nkhuku yoyera imatuluka bwino kwambiri, makamaka ntchafu ndi mapiko: mphindi pafupifupi 25 pa 190°C, kutembenuza kamodzi, osathira mafuta konse. Mafuta a khungu amagwera pansi pa basiketi. Atayeni, osathira pampunga ayi. Nkhuku yachikuda ndi nkhani ina. Ndi yolimba, ndipo mukaiika yaiwisi imauma gwa! Yambani mwaiwiritsa, kenako muiike kwa mphindi 8 mpaka 10 kuti ingofiira. Chambo chocheka m'mbali chimapsa bwino. Zitumbuwa ndi chilichonse cha ufa wamadzimadzi, iwalani, chimangodontha n'kumata pansi.

Nkhani ya magetsi muilingalire musanagule. Zipangizozi zambiri zimakoka mawati 1,400 mpaka 1,800, choncho theka la ola silifika yuniti imodzi, zomwe si zodandaulitsa. Koma magetsi akazima, inverter yaing'ono yapanyumba siingaikwanitse. Zochokera ku South Africa zimabweranso ndi pulagi ya mano ozungulira yosalowa m'masoketi athu; ndi bwino wamagetsi asinthe pulagiyo kusiyana ndi kudalira adaputa yotchipa yomwe imatentha. Potsuka, sitiliwulo imasupula utoto wakuda wamkati, ndipo chakudya chimayamba kumata.

Kukula kwake nako n'kochepa. Banja la anthu atatu kapena anayi imakwanira, koma tsiku la Khrisimasi lomwe abale afika khumi, muphika maulendo anayi ndipo oyamba kudya adzakhala atasamba kale m'manja ena asanalandire.

Nanga kunenepa? Chipangizochi chimangochotsa mafuta okazingira basi. Sichikhudza mulu wa mpunga, mitanda ya nsima, keke, mowa kapena zakumwa zotsekemera, zomwe botolo limodzi la mamililita 300 limatha kukhala ndi masupuni aang'ono 7 a shuga. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba monga chisoso kapena nkhwani, mpunga usapose chibakera chanu, ndipo madzi akhale pafupi. Kwa banja lomwe limakazinga kangapo pa sabata, air fryer ndi yoyenera kugula. Kwa amene amakonda kuwotcha pamakala kapena kuwiritsa, ndalamayo isungeni, poti mbaula ikuchita kale ntchito yomweyo.