Linguee ndi mawu ogulira zinthu m'Chijeremani

Ambiri amene tili kuno ku Germany timadutsa kaye m'Chingerezi tisanafike pa Chijeremani, poti madikishonale abwino a pa intaneti amalumikiza zilankhulo ziwirizi. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Bavaria, ndipo anzanga amanditumizira makalata a kubanki, a eni nyumba ndi a kusukulu kuti ndiwamasulire m'Chingerezi. Chomwe ndimatsegula kawirikawiri ndi dikishonale ya pa intaneti yotchedwa Linguee, makamaka kalata ikafika pa nkhani yogula.

Mjeremani sagula ndi mawu amodzi. Buledi ndi kaufen. Kupita kokagula zapakhomo ndi einkaufen. Firiji kapena makina ochapira, chinthu choti chikhalitse, amati sich anschaffen. Mukatuma mnzanu kuti akupezereni tikiti, ameneyo ndi besorgen, ndipo mawuwo sanena ngati walipira kapena wangopempha kwa wina. Koma amene amavutitsa ndi erwerben, mawu a m'mapepala a boma ndi a maloya.

Mukawalemba pa madikishonale ena a pa intaneti, monga dict.cc, imene anaiyambitsa Paul Hemetsberger ku Vienna, kapena pa LEO, yomwe inachokera ku Technische Universität München, mumalandira mndandanda: acquire, purchase, buy, earn, gain, obtain. Onsewo ndi olondola, ndipo amabwera msanga. Koma kusankha akusiyirani nokha, ngati wogulitsa kaunjika amene wangokhuthula belo n'kukhala pansi.

Linguee, ya ku Cologne, inayamba mu 2009, ndipo imachita zosiyana. Pansi pa matanthauzo imaika ziganizo zathunthu zomwe anthu anamasulira kale, Chijeremani mbali iyi, Chingerezi mbali inayo. Mukalemba Grundstück erwerben (Grundstück ndi malo kapena puloti) muona purchase ndi acquire akusinthana, chifukwa malowo amalipiridwadi. Mukalemba Kenntnisse erwerben, purchase amazimiririka, patsala acquire kapena gain, poti nzeru sagula pakauntala. Staatsangehörigkeit erwerben ndiye pofunika kusamala kwambiri: ndi kulandira unzika motsatira lamulo, ndipo womasulira akalemba buy pamenepo wamupaka mwini kalatayo mlandu wa ziphuphu. Kuwerenga ziganizo zingapo zotsatizana kumakuphunzitsani zimenezi popanda wina wokufotokozerani.

Kusiyanaku kuli ndi maziko m'malamulo awo. Mu BGB, buku la malamulo a za anthu ndi katundu, ndime 433 imangokakamiza wogulitsa kupereka ndi wogula kulipira. Kuti chinthu chikhale chanu ndi nkhani ina, ya ndime 929, ndipo ngati ndi malo, dzina lanu liyenera kulowa mu Grundbuch, kaundula wa eni malo. Ndiye munthu atha kukhala kuti wachita kaufen koma erwerben asanafikepo. Ngakhale msonkho wogulira malo umatchedwa Grunderwerbsteuer; kuno ku Bavaria ndi 3.5 peresenti, ena m'zigawo zina amalira ndi 6.5.

Zoipa zake ziliponso. Ziganizo zambiri zimachokera m'zikalata za European Union ndi pa masamba a makampani, choncho Chingerezi chake n'chovala tayi. Ngati mukumasulira uthenga wa pa WhatsApp woti mnzanu wagula njinga, mupeza purchase pomwe munthu wamba akanangoti got kapena bought. Eni ake a Linguee amachenjezanso kuti ziganizo zochokera kunjazo sanazifufuze, ndipo nthawi zina mumaonadi Chingerezi chopunduka cha kampani ina yomwe inamasulira mothamanga. DeepL, pulogalamu yomasulira ya kampani yomwe inapanga Linguee, yomwe inatuluka mu 2017, imapereka chiganizo chimodzi chosalala bwino, koma ine ndimafuna kuona ndi maso anga kuti ena anasankha bwanji. Linguee ndi yaulere, ndipo pafoni imayenda.

Pa anschaffen pokha ndimatseka Linguee n'kutsegula Duden, dikishonale ya Chijeremani chokhachokha. Kuno ku Bavaria ndi ku Austria mawuwa amatanthauzanso kulamula, ndiye gogo wina kuntchito akati “Wer zahlt, schafft an” sakunena zogula firiji, akunena kuti wolipira ndiye mwini mawu. Ndipo anschaffen gehen ndi kupita kokachita uhule. Matanthauzo awiriwa saoneka msanga m'ziganizo za m'maofesi, pomwe Duden imawalemba poyera, n'kunenanso dera limene amalankhula choncho ndi kuti ena ndi mawu a mumsewu.