Boss GT-1 inatipulumutsa pa ukwati ku Nkopola, koma wogulitsayo ayi ndithu

Boss GT-1, kachipangizo koponda ndi phazi kosinthira mawu a gitala lamagetsi, ndikukapatsa nyenyezi zinayi. Shopu ya zoimbira ya ku Limbe komwe ndinakagula sindikuipatsa ngakhale imodzi. Mtengo wake mukuudziwa, chigwereni kwacha mu Novembala 2023 palibe chotsika, ndipo ndinalipira osanenerera. GT-1 sibwera ndi adaputa m'bokosi, ndiye mnyamata wa pakauntala anaponyamo ina m'jumbo, amvekere, "Iyi ndi yake yeniyeni, bwana, tengani ulere." Bodza lenileni. Kufika nayo kuno ku Mangochi Boma, kungoilumikiza, sipika yonse kulira ngati njuchi zalowa m'nyumba. Kamafuna adaputa ya 9V ya mtundu wa PSA, iye anandipatsa za pamsika zoyendetsera wailesi zija. Nditamuimbira akuti vuto ndi mawaya a m'nyumba mwanga. Pano foni sakuyankhanso.

Ndiye pa ukwati wa pa loji ina ku Nkopola ndinapita nako pa mabatire anayi a AA basi. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kwa kunyanja koti malaya amamata pamsana musanayambe n'komwe. M'bandi mwathu magitala tilipo awiri. Lidi amaimba ndi madala ena amene anayamba kuimba ine ndisanabadwe, ndipo sasiyana ndi ampu yawo ya ma valve (timachubu tagalasi tokuza mawu), ya mawatsi 40, yolemera pafupifupi makilogalamu 20. Ataona ndikuyala kanga pansi anaseka. "Mwana iwe, gitala ungaimbire m'kakalikuleta?"

Perekaniperekani atafika pakolasa, azakhali a mkwatibwi ali pamzere ndalama m'manja, magetsi phethi. Analiza jenereta, koma jenereta yomweyo ikukokanso mafiriji ndi magetsi a loji yonse, moti mababu amachita kuwala n'kuzilala. Mikisa itangoyaka, gitala langa linali kale m'masipika, chifukwa kachipangizo kanga sikanadziwe n'komwe kuti kunja kwachitika kanthu. Madala anayatsa ampu yawo, n'kudikira kuti ma valve atenthe monga mwa nthawi zonse. Inalira pang'ono ndi mawu ofooka, kenako zii. Fyuzi yapsa, yapadera palibe. Apo n'kuti mkulu woyendetsa mwambo akutiyang'ana ndi diso loti tikachedwa anthu akhala pansi, ndalama zibwerera m'zikwama. Ndinaponda pachi yanga (mawu amene ndinatchera kale n'kusunga m'kachipangizoka) ya sebene, ya mawu oyera, chorus pang'ono ndi delay, ndipo mzere unayambanso kuyenda. Nyimbo itatha madala anabwera osayankhula, anazula chingwe changa n'kulowetsa chawo. Anaimba lidi mpaka ukwati kutha, ine ndikuwapondera mapachi. Za kalikuleta sanazitchulenso.

Kwa amene simunagwirepo zoterezi, mkati mwake muli kakompyuta kotsanzira kaliridwe ka ampu ndi sipika yake, ndiye mumangotulutsa chingwe kupita ku mikisa. Nzeruyi inatchuka ndi POD yofiira ija ya Line 6 mu 1998, ndipo lero oimba akuluakulu akunja amakwera pasiteji ndi Kemper kapena Helix opanda ampu kumbuyo. GT-1 ndi kang'ono poyerekeza ndi zimenezo, koma ntchito ya ukwati ndi kutchalitchi kamaitha. Mukamapita ku mikisa, OUTPUT SELECT ikhale pa LINE/PHONES, apo ayi mawu amatuluka owuma, obaya m'khutu. Wogulitsa uja ngakhale zimenezi sankazidziwa. Mapachi 99 obwera nawo ambiri ndi a rock, okalipa, osathandiza pa nyimbo zathu. Khalani nako pansi madzulo, muyambire pa mawu oyera a mtundu wa ampu ya JC-120, musunge zanu.

Komabe ndisaname, tsiku limene magetsi ali bwino ampu ya madala ija ili ndi chinachake. Ukakhudza nsambo mofatsa imayankha mofatsa, ukakanda mwamphamvu imachita kaukali pang'ono, ndipo zonsezo zimachokera m'zala, osaponda kalikonse. Mawu ake umawamva akukugunda m'miyendo kuchokera kumbuyo. Kanga kamayesetsa, munthu wovina kutsogolo sangasiyanitse, koma woimbawe umadziwa. Vuto lalikulu ndi lakuti ulibe sipika yakoyako. Zokuzira mawu zambiri zobwereka kuno zimabwera ndi monita (sipika yoyang'ana oimba kuti azidzimva) imodzi, nayonso amailanda oimba pakamwa. Ku Namwera pa msonkhano wa kwaya ndinaimba chongoganizira, ndikumva ng'oma zokhazokha. Amene mukufuna kusiya ampu, muwerengeretu ndalama ya kasipika kokhala ndi ampu yakeyake koti kazikuyang'anani.

Mabatire a alkaline amapirira maola pafupifupi 7. Otchipa a pagolosale musayese, amakusiyani pakati pa nyimbo. Kulemera kwake ndi makilogalamu 1.3 okha, kamalowa m'thumba la chikwama cha gitala, ndipo ndimakwera nako kabaza kuwoloka mlatho kupita ku M'baluku opanda nkhawa. Ampu ya magalasi mkati simungaiike pa kaliyala m'misewu yathuyi.

Wokonza ku Blantyre atatsegula ampu ya madala anapeza kuti si fyuzi yokha, valve imodzi ya 6L6 inali itatopa kale, jenereta inangomalizitsa. Zimenezi sagula imodzi, amagula ziwiri zofanana mphamvu, kenako katswiri aikenso bias, kutanthauza kutchera magetsi odutsa m'ma valvewo. Mafakitale opanga ma valve atsala ochepa, ku Slovakia, Russia ndi China, ndipo mitengo inakwera mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Kuno ku Mangochi simungawapeze. Madala anatuma munthu wa ku Joni, akudikirabe, ndipo Loweruka limene ine ndilibe pulogalamu amatuma mdzukulu wawo kudzabwereka GT-1.