Mira, Aqua, yamagetsi kapena njinga: tikwere chiti petulo akamakwera chonchi?

Mu Novembala 2023 kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Mu Okutobala 2025 mtengowo unafika pa K3,499. Ambiri mwa ife amene timathira mafuta ndi ndalama ya m'thumba mwathu tinayamba kufunsana kuti kodi galimoto ili pakhomoyi tiisunge, tiigulitse, kapena tiisinthe ndi chiyani. Ndalemba izi kwa anzanga oyendetsa m'tauni, amene ulendo wathu ndi wa kuntchito, kusukulu ya ana, kumsika ndi kutchalitchi.

Tisanayerekeze, tione kaye kumene mtengowu umachokera, chifukwa ndi kumeneko kumene kungatiuze chofunika kuyang'ana. Pafupifupi mafuta onse amene timathira amagulidwa kunja ndi madola. Amatsitsidwa pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique kapena ku Dar es Salaam ku Tanzania, kenako ambiri amabwera pa magalimoto amatanki, ulendo wa masiku. Mtengo wa padziko lonse ukakwera, monga mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba pamene mgolo wa mafuta osayenga unadutsa madola 120, ife timalipira. Kwacha ikagwa, timalipiranso ngakhale kunjako mtengo usanasinthe. Pamwamba pake pali ndalama zimene zimadulidwa pa lita iliyonse, monga yokonzera misewu ndi yopititsira magetsi kumidzi. Koma chimene chatizunza kwambiri zaka zimenezi ndi kusowa kwa madolawo. NOCMA ndi makampani ena oitanitsa mafuta akapanda kuwapeza kumabanki, matanki sabwera, mizere imayamba, anthu amagona m'magalimoto pa filing'i, ndipo a zigubu amatchula mtengo umene akufuna.

Choncho mafunso anga pa galimoto iliyonse ndi awiri. Imwa malita angati pamwezi? Nanga sabata imene m'tauni mulibe ndi dontho lomwe, indifikitsa kuntchito?

Tiyambe ndi kagalimoto ka injini yaing'ono, monga Daihatsu Mira kapena Suzuki Alto ya 660cc. Ubwino wake aliyense amaudziwa: nkotchipa kugula, makaniko wa pansi pa mtengo amakakonza, ndipo zipangizo zake sizivuta kupeza. Tiwerengere limodzi. Munthu woyenda makilomita 30 patsiku, masiku 22 pamwezi, amayenda makilomita 660. Ngati galimoto yake imayenda makilomita 10 pa lita, afunika malita 66, omwe pa mtengo wa Okutobala 2025 uja wa K3,499 anali pafupifupi K231,000. Akapeza yoyenda makilomita 20 pa lita, ndalamayo imatsika ndi theka. Kagalimoto kakang'ono kosamalidwa bwino kamayandikira pamenepo. Vuto lake ndi mphamvu. Mukakweza anthu anayi ndi thumba la chimanga n'kuyamba chikweza, kamalira, ndipo pamenepo kamamwa kuposa mmene mumayembekezera. Pa ulendo wautali pa M1, kupitirira thiraki ndi kagalimoto kotere kumafuna kudekha kwambiri.

Tsopano Toyota Aqua ndi anzake a hybrid, monga Prius ndi Honda Fit ya hybrid. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu amasokonezeka. Hybrid siilumikizidwa kumagetsi a ESCOM ayi. Ili ndi injini ya petulo, ya 1,500cc pa Aqua, komanso mota yamagetsi ndi batire yaikulu imene imadzitchaja yokha injini ikamayenda ndiponso mukamaponda buleki. Mukaima pamzere wa magalimoto, injini imazima. Mukamanyamuka pang'onopang'ono, mota yamagetsi ndi imene imakankha. N'chifukwa chake hybrid imapambana kwenikweni pamene magalimoto ena amawononga mafuta: m'mawa pa Chipembere Highway, kapena madzulo potuluka mu Old Town ku Lilongwe. Pa msewu wautali wopanda zoimaima kusiyana kwake ndi galimoto ina yaing'ono kumachepa, ndiye amene ntchito yake ndi Blantyre–Mzuzu asayembekezere zodabwitsa.

Poiyerekeza ndi Mira, Aqua ili ndi mphamvu zambiri ndi malo okwanira banja, pamene kamwedwe ka mafuta m'tauni n'kofanana kapena kochepa. Koma ndi yodula pogula, ndipo ili ndi nkhawa imene Mira ilibe, ndiyo batire ija. Magalimoto ambiri amafika kuno kuchokera ku Japan atatha kale zaka zambiri, batire itayamba kutopa. Pa Aqua batireyo ili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo imaziziritsidwa ndi kafani kamene kamakoka mpweya wa m'galimoto momwemo. Fumbi lathu la mu Seputembala ndi Okutobala likadzaza kafaniko, batire imatentha n'kufa msanga. Ndaonapo anthu akutaya ndalama zambiri pa chinthu chimene chikanapewedwa ndi kupukuta kokha, ndipo zimandiwawa. Chinanso, Aqua ndi yofupika pansi. Amene kwawo ndi msewu wa makwawa nthawi ya mvula aganize kawiri.

Zonse ziwirizi, Mira ndi Aqua, pa funso lachiwiri lija zimangochepetsa vuto. Thanki imodzi imakhalitsa, ndiye mumapita pamzere kamodzi pamene mnzanu wapita kawiri. Koma pamzere mupitabe.

Imene siipita pamzere ndi yamagetsi okhaokha, monga Nissan Leaf. Mumailumikiza kunyumba usiku, m'mawa n'kunyamuka. Ilibe oilo wa injini, ilibe mapulagi a injini, ndipo magetsi ake ambiri ndi opangidwa konkuno pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuphatikizapo a dzuwa a ku Salima ndi ku Golomoti. Ndalama ya ulendo wanu siituluka m'dziko. Mtima wanga umakopeka nayo kwambiri. Komabe ndikamaiyeza ndi Aqua ndimaona mipata itatu. Leaf yoyambirira ili ndi batire ya 24 kWh, imene ili yatsopano inkayenda makilomita opitirira pang'ono 100, ndipo yakale imayenda ochepera apo. Batire yake ilibe choiziziritsa, ndiye kutentha kwa ku Chikwawa, Salima kapena Karonga kumaikalambitsa msanga. Kenako magetsiwo. Tonse tikukumbukira Januwale 2022 pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kunatenga nthawi yoposa chaka. Amene ali ndi sola yokwanira padenga, ndiponso galimoto ina ya maulendo akumudzi, Leaf imuyenera. Kwa banja la galimoto imodzi, lokhala m'nyumba ya lendi yogawana mita, sindingalimbikitse panopa.

Kumene magetsi ndikuona kuti angathandize msanga ndi kwa anzathu a kabaza wa njinga zamoto. Iwo amayenda tsiku lonse m'dera limodzi, ndipo petulo ndi amene amadya gawo lalikulu la ndalama imene apeza. Batire ya njinga ndi yaing'ono, yotheka kuitchaja ndi sola kapena kuisinthitsa ndi yodzaza, monga akuchitira ku Kigali ndi ku Nairobi. Chofunika kufunsa musanagule ndi chakuti batire ikafa mukaipeza kuti ndipo pa mtengo wanji.

Njinga yakapalasa ndi minibasi sizifuna mawu ambiri. Minibasi imakwera mtengo tsiku lomwelo mafuta akakwera, ndipo akasowa mumaima pa siteji mpaka dzuwa kutentha. Njinga siimwa kanthu, ndipo pa makilomita asanu kapena asanu ndi atatu a malo athyathyathya ngati Lilongwe ndi yokwanira ndithu. Chimene chimandiletsa kuitamanda kwambiri ndi misewu yathu, imene yambiri ilibe malo a wapanjinga.

Pali chinthu chimodzi chimene wogula payekha sangasankhe, koma chimandikhudza kuposa zonsezi. Kuyambira 1982 petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga, ndipo mu 2004 fakitale ya PressCane ku Chikwawa inayambanso kupanga. Tinali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi. Ethanol ali ndi mphamvu yocheperapo pa lita kusiyana ndi petulo, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, koma amagulidwa ndi makwacha ndipo sadikira sitima pa doko. Ku Brazil anayamba ntchito yotereyi mu 1975, ndipo mu 2003 anayamba kugulitsa magalimoto otha kuyendera petulo, ethanol kapena zosakaniza, moti lero magalimoto awo ambiri atsopano ndi otere. Kwathu kuno chimene chimatiletsa ndi kuchepa kwa zotsalira za nzimbezo, moti mafakitale sapanga chaka chonse. Nzimbe zikanalimidwa zochuluka, dola iliyonse yopulumutsidwa pa petulo ikanapita ku dizilo, feteleza ndi mankhwala.

Mutandifunsa lero kuti ndigule chiti, ndingayankhe malinga ndi thumba. Wa ndalama zochepa, woyenda yekha kapena ndi munthu mmodzi, atenge Mira n'kumaisamala: matayala akhale ndi mpweya wokwanira, fyuluta ya mpweya isinthidwe nthawi yake. Wa banja, woyenda m'tauni tsiku ndi tsiku, ndingamulozere ku Aqua. Koma asalipire asanapite nayo kwa makaniko wa makina oyezera, aone mmene batire ilili chigawo ndi chigawo, atsegulenso pansi pa mpando wakumbuyo n'kuona kafani kaja. Wogulitsa akakana kuti iyezedwe, musiyeni mukaone ina.