Webusaiti ya shopu yanga: yoyamba inali yokongola, yachiwiri ndiyo ikugulitsa

Ndine telala ku Limbe, ndipo makasitomala anga ambiri sindinawaonepo ndi maso. Ena ali ku Johannesburg, ena ku Manchester. Amatumiza miyezo pa WhatsApp, ine n'kusoka, katundu n'kupita pa basi kapena ndi wachibale amene akubwerera. Kwa zaka zambiri zithunzi ndinkangoika pa Facebook. Munthu akafuna diresi ya chinkhoswe imene anaiona chaka chatha ankafufuza mpaka chala kutopa, kenako n'kundiimbira usiku: "Mayi, ija ya manja otukumuka ija!" Ndiye mu 2023 ndinapatsa ntchito mnyamata wina wopanga mawebusaiti. Dzina lake sinditchula, chifukwa zina zimene ndinene pano sizimukomera, komanso ndimamufunabe.

Anagwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu yaulere imene inayamba mu 2003, ndipo lero mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi amayendera iyo. Ine chinandikopa n'chakuti mnyamatayu atasowa, oidziwa alipo ambiri mu Blantyre muno. Zili ngati makina a Singer, wokonza sasowa pamsika.

Patatha milungu itatu anabwera ndi laputopu kushopu. Abale inu, kukongola kwake! Ukangotsegula, vidiyo ya mtsikana wovala chitenje ikuyenda yokha, zilembo zagolide zikutulukira pang'onopang'ono, zithunzi zikusinthana popanda wozikhudza. Atsikana anga awiri anasiya makina n'kudzaunjikana kumbuyo kwanga. Ndalama yotsala ndinalipira tsiku lomwelo, mtima uli m'malo.

Madzulo ndinatumiza linki kwa mlamu wanga ku Ndirande. Ali ndi kafoni ka Android kotchipa, kagalasi kosweka pakona. Sipanathe mphindi khumi, foni inalira. "Alamu, chinthu chanuchi chikungozungulira. Bandulo yatha, diresi sindinaione ngakhale imodzi." M'mawa ndinayesa pa foni yanga mu minibasi, chimodzimodzi. Zithunzi anaziika mmene zinachokera mu kamera, chimodzi 5 MB kapena 6 MB, ndipo patsamba loyamba zinalipo 12, osawerengera vidiyo ija. Iye ankayesera pa Wi-Fi ndi sikirini yaikulu, pamene kasitomala wanga ali ndi bandulo ya tsiku limodzi, netiweki ikubwera ndi kupita. Zilembo zagolide zija padzuwa sizinkawerengeka n'komwe. Ndipo pansi pa dzina la shopu, pamene ndinafuna palembedwe "Zosokedwa ku Malaŵi", pamalo pa ŵ panali kabokosi. Mtundu wa zilembo umene anasankha unalibe chilembo chathuchi.

Nditamuitana anayamba ndi kukana. "Mayi, mawebusaiti amakono amakhala chonchi." Sindinakangane naye. Ndinabwereka foni ya mlamu uja, n'kumugwiritsa m'manja, n'kumuuza atsegule yekha, ine ndikupitiriza kuika zipi pa siketi. Zipi ndinamaliza, ulusi ndinadula, iye akuyang'anabe kanthu kozungulira kaja. Apa ndiyenera kumuyamikira: sanapsenso mtima, ndipo ntchito yobwereza sanandilipiritse.

Ulendo wachiwiri anayambira pa foni, kompyuta pambuyo. Anandifotokozera kuti m'ntchito yawo tsamba limayenera kudzipinda lokha molingana ndi kukula kwa sikirini, njira imene Ethan Marcotte anaipatsa dzina loti responsive web design mu 2010, komanso kuti Google masiku ano imayang'ana mmene tsamba likuonekera pa foni posankha loti lioneke pamwamba munthu akafufuza. Ndinamufunsa kuti nanga ankadziwa zonsezi, vidiyo ija inali yachiyani? Anaseka, n'kuvomera kuti ankafuna chooneka bwino choti azionetsa makasitomala ake ena. Telala ndikumvetsa. Nanenso ndinasokapo diresi yoti anthu aziimirira pawindo, koma yosatheka kukhala nayo pampando.

Vidiyo anachotsa. Zithunzi anazisandutsa WebP, mtundu wa fayilo wopepukitsa zithunzi, chimodzi n'kutsika kufika cha m'ma 150 KB, koma maluwa a chitenje akuonekabe bwinobwino, ngakhale msoko wa m'khosi. Zithunzi za m'munsi sizibwera mpaka munthu atatsikira komweko, kotero amene wangosuzumira sataya bandulo pa madiresi amene sanawaone. Zilembo ndi zakuda pa zoyera, ŵ wabwerera pamalo pake, mabatani ndi aakulu oti chala chachikulu sichiphonya.

Chimene ndimachikonda kuposa zonse ndi kabatani kobiriwira pansi pa chovala chilichonse. Munthu akakadina, WhatsApp imatseguka uthenga utalembedwa kale: "Ndikufuna diresi nambala 27." Za "ija ya manja otukumuka" zinatha. Chachiwiri ndi tsamba la miyezo, limene ganizo lake linali langa. Tinajambula mmodzi wa atsikana anga akusonyeza pokulunga tepi: pachifuwa, m'chiuno, m'mbina, kuchoka paphewa kufika pabondo. Kale anthu akunja ankanditumizira miyezo ina ya mainchesi, ina ya masentimita, osanena kuti ndi iti. Tsopano tsamba limawafunsa asanatumize. Mitengo tinakangana. Iye ankati tiibise kuti anthu azifunsa, ine ndinati ilembedwe, chifukwa wofunsa mtengo kenako n'kusowa amandidyera nthawi yosoka.

Pali chinthu chimene sanandichenjeze, ndipo anthu a bizinesi muchidziwe musanalipire. Makasitomala ambiri akuno amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, ndipo ndi bandulo yoteroyo webusaiti sitseguka, kaya ipepuke bwanji. Ndiye amene amaigwiritsa ntchito kwambiri ndi a kunja aja ndi a m'maofesi. Amayi a ku Bangwe ndi ku Chirimba ndimawatumizirabe zithunzi chimodzichimodzi ngati kale.

Pa chitetezo anachita bwino. Kuyambira July 2018, Chrome, pulogalamu ya Google yotsegulira mawebusaiti, imalemba kuti "Not secure" (kutanthauza kuti si lotetezeka) pa tsamba lililonse lopanda HTTPS, njira yobisa zimene munthu akutumiza pa webusaiti, ndipo mawu amenewo amathawitsa munthu amene akuganiza zotumiza ndalama. Kuti tsamba likhale ndi HTTPS, iye anaika satifiketi yochokera ku bungwe la Let's Encrypt, imene ndi yaulere, ndipo anandiuza poyera kuti ndi yaulere. Akanandilipiritsa sindikanadziwa.

Koma pa domain, adiresi ya webusaiti imene umailipira chaka ndi chaka, anandilakwira. Dzina la webusaiti analilembetsa pa imelo yake, ine osadziwa. Chaka chitatha, uthenga wokumbutsa kulipira unapita kwa iye, iye ali kumaliro kumudzi foni yozima, webusaiti n'kuzima masiku anayi mkati mwa nyengo ya maukwati. Atabwera ndinamukhazika pansi, zonse tinasamutsira m'dzina langa, mapasiwedi ndinalemba m'buku la miyezo. Hosting nayo, malo osungirako webusaiti pa intaneti, timalipira m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, bilu inakwera ine ndisanaonjezere kanthu. Limeneli si vuto lake, koma akanayenera kunena pachiyambi kuti webusaiti ili ngati lendi, sulipira kamodzi.

Posachedwapa wabwera ndi zatsopano zimene akuti ndiko kukupita ntchito yawo. Yolipira pa webusaiti pomwepo kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba ndavomera, bola tione kaye ndalama imene azidula. Yoti tsamba lizida usiku kuti maso asawawe ndakana, chifukwa mtundu wa nsalu umanama ukakhala pa chakuda. Kenako anandionetsa AI, pulogalamu ya pakompyuta yoyankha makasitomala yokha ine ndili mtulo. Ndinailembera mmene amalembera anthu anga: "Mayi, simungandichotsereko pang'ono? Ndi za chinkhoswe cha mwana wa achemwali." Inayankha Chichewa chouma ngati cha pa fomu ya kuchipatala, n'kulonjeza diresi m'masiku atatu, pamene ine m'buku muli maoda a milungu iwiri. Ayi, imeneyo idikire. Zithunzi za atsikana opangidwa ndi kompyuta ndiye sindifuna n'kuziona komwe. Wogula aziona chitenje chenicheni pathupi la munthu weniweni, ndi makwinya ake omwe.

Mnyamatayu ali ndi mantha kuti mapulogalamu opanga webusaiti m'mphindi zochepa amulanda ntchito. Mwina amulandadi ya zilembo zagolide ija. Ngati mukufuna kumulemba iye kapena mnzake, mulembeni, koma domain ikhale m'dzina lanu kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndalama yomaliza musapereke musanatsegule tsambalo pa foni yotchipa muli panja. Loweruka akubwera kudzajambula madiresi a Khirisimasi. Foni ya mlamu ndabwereka kale.