Chilonda cha pacemaker: kliniki ya pa Dedza boma ikuchita bwino, koma pa mankhwala ikulakwitsa

Kliniki ina ya pulaiveti pa Dedza boma imalandira odwala omwe anaikidwa pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda komwe kamakhala pansi pa khungu, mmunsi mwa fupa la paphewa. Pa kasamalidwe ka chilonda, anamwino ake ngoyamikika. Pamalopo pakatupa, pakafiira ndi kutentha, salowetsapo singano kuti akoke mafinya. Amenewo ndiye machitidwe oyenera, chifukwa singano imalowetsa tizilombo pomwe panalibe, ndipo itha kuboola waya wa chipangizocho wopita ku mtima. Amatsuka, kuphimba ndi bandeji youma, n'kulemba kukula kwa chotupacho m'buku la kuchipatala.

Vuto lili pa mankhwala. Wodwala akamanjenjemera amamuyeza malungo, ndipo akapanda kuwapeza amamupatsa cloxacillin, mankhwala opha mabakiteriya, wa sabata imodzi kuti akamwere kunyumba. Izi n'zoopsa. Mabakiteriya a Staphylococcus amamatirira pa batire ndi pa mawaya, n'kudzikuta ndi utoto wonanda womwe mankhwala salowa. Kutupa kumaphwa, achibale amasangalala, kenako matenda amatsata waya mpaka mu mtima. Komanso wodwala akayamba kumwa mankhwala asanatengedwe magazi, ku labotale tizilomboto nthawi zambiri sitimera.

Ngati mafinya akutuluka, kapena chitsulo chayamba kuonekera pakhungu, chipangizo chonse chiyenera kuchotsedwa pamodzi ndi mawaya ake. Masiku ano nthawi zambiri sachita kung'amba chifuwa. Dokotala amatsegula pomwe pali batire, n'kulowetsa kawaya kolimba mkati mwa waya wakalewo, kenako kapaipi kamene kamadula minofu yomwe yaugwira mumtsempha. Waya wosakwana chaka nthawi zambiri umatuluka pongoukoka; wokhalitsa utha kung'amba mtsempha waukulu, n'chifukwa chake dokotala wa opaleshoni ya mtima amayenera kukhala pafupi. Akachotsa, mankhwala ndi a masiku 10 mpaka 14, kapena masabata 4 mpaka 6 ngati matenda afika pa mavavu a mtima. Chatsopano amaika mbali inayo, magazi akakhala opanda tizilombo kwa maola 72.

Zonsezi kliniki ya pulaivetiyi singazichite, ndipo palibe akuiimba mlandu pa zimenezo. Chomwe ikuyenera kuchita n'kulemba kalata tsiku lomwelo, wodwala apite ku chipatala cha boma cha Dedza, kumeneko amutumize ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Wosamalira wodwala asaiwale khadi la chipangizocho, lomwe limasonyeza mtundu wake ndi tsiku lomwe chinaikidwa.