Botolo, mtengo kapena mwala: tisalazire chiyani ufa wokanda?

M'makhitchini ambiri kuno ntchito yosalaza ufa wa mandasi imagwiridwa ndi botolo, ndipo mandasiwo amatupa bwinobwino. Ufa wa mandasi umasalazidwa mokhuthala, pafupifupi sentimita 1, choncho sufuna luso lambiri. Mavuto amayamba mukafuna chapati kapena zikopa za samusa, zomwe zimayenera kupyapyala mofanana kuchokera pakati mpaka m'mphepete. Apa ndi pamene kusiyana kwa zida kumaonekera.

Tiyambe ndi botololo. Si botolo lililonse lomwe limathandiza. La Coca-Cola lili ndi chiuno ndiponso mizere, ndiye limasiya mikwingwirima pa ufa, kwina kokhuthala kwina kopyapyala. Labwino ndi la vinyo la mamililita 750 chifukwa thupi lake ndi lowongoka, bola muchotse pepala ndi guluu wake yense. Ubwino wake ndi woti galasi silimwa mafuta kapena fungo, limatsukika msanga, ndipo mukathiramo madzi ozizira n'kutseka limalemera komanso kuziziritsa ufa. Koma gawo lowongokalo ndi lalifupi, moti mtanda waukulu mumausalaza mozungulirazungulira, ndipo dzanja limodzi limagwira kukhosi pomwe linalo lilibe pogwira penipeni. Likaterereka ndi manja amafuta n'kugwera pa simenti, ufa wonse umene unali pafupi ngwotaya basi. Kwa munthu wophikira banja Loweruka, botolo n'lokwanira. Kwa mayi wa geni amene amadzuka m'bandakucha kukanda makilogalamu asanu, likhoza kumupweteketsa m'mikono.

Rolling pin (chosalazira ufa) ya m'masitolo, ya zogwirira mbali zonse ziwiri, ndiyo imene anthu ambiri amaiona ngati chida chenicheni. Thupi lake limazungulira palokha, manja ali phee pa zogwirira, choncho imathamanga pa mtanda waukulu. Chomwe sindiikondera n'chakuti manja amakhala kutali ndi ufa, ndiye simumva ngati mbali ina yakhuthala. Zotchipa zimakhala ndi kachitsulo kamkati kamene kamapindika mukatsindira mwamphamvu, ndipo ufa wonyowa umalowa m'mipata ya zogwirira momwe simungathe kutsukamo.

Ine ndimasankha mtengo wamba wopanda zogwirira, wotalika masentimita 40 mpaka 50. Zikhato zimakhala pamwamba pa mtengowo, moti pamene pakhuthala mumapamva nthawi yomweyo n'kutsindira pomwepo. Ophika buledi a ku France amakonda wocheperako kunsonga zonse ziwiri chifukwa ndi wosavuta kuutembenuza pofuna kupanga chozungulira, pamene wowongoka ndi wabwino pa masikono ndi mabisiketi omwe amafuna makulidwe ofanana. Kalipentala aliyense wokhala ndi makina osemera miyendo ya matebulo akhoza kukupangirani. Mumuuze zinthu ziwiri. Choyamba, agwiritse ntchito mtengo wolimba ndi wouma bwino monga m'bawa kapena mlombwa. Paini ndi wofewa, amabonyoka msanga ndipo ali ndi utomoni wonunkha, pomwe bulugamu wosauma amang'aluka ndipo ufa umabisala m'ming'alumo. Chachiwiri, asapake vanishi. Akalipentala athu chilichonse amafuna chiziwala ngati kabati ya pabalaza, koma vanishiyo amasupuka n'kulowa m'chakudya. Aukwecheze ndi sandipepa wosalala, inu mukaupake mafuta ophikira pang'ono kunyumba. Musamauviike m'madzi: palani ufa wotsalira, pukutani ndi kansalu konyowa, uume pamthunzi.

Ngati zanu ndi chapati tsiku ndi tsiku, onani zimene amachita ku India, komwe chakudyachi chinachokera. Iwo amagwiritsa ntchito kamtengo kowonda ndi kopepuka kotchedwa belan, pamodzi ndi kathabwa kozungulira kotchedwa chakla. Kupepukako n'kwadala. Kampira ka ufa wa chapati n'kakang'ono, ndipo chida cholemera chimakaphwanya pakati n'kusiya m'mphepete mokhuthala. Wodziwa akamatsindira mbali imodzi ya belan, chapaticho chimazungulira chokha pathabwa osachigwira n'komwe. Pa zikopa za samusa, zomwe ena amazisanjikiza atapaka mafuta pakati n'kuzisalaza limodzi, belan imachitanso bwino. Pa mtanda wa mandasi wodzadza beseni ilibe mphamvu.

Rolling pin ya mwala wa mabo (marble) ndi yokongola, yolemera ndiponso yodula. Ntchito yake yeniyeni ndi imodzi: ufa wokhala ndi batala wambiri, monga wa mapayi, umene umafuna kuti batala asasungunuke musanaulowetse mu uvuni. Batala amasungunuka kutentha kukafika pa madigiri 32 mpaka 35, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala kumatentha kuposa pamenepo. Mwala woti wakhala mufiriji umasunga kuzizira kwa kanthawi. Koma ngati firiji muli nayo, botolo la madzi ozizira lija limagwira ntchito yomweyo popanda kutulutsa ndalama, ndipo mwalawo nawo ukagwa umasweka kapena kuswa matailosi. Ndalama yake ingakwane kulipira kalipentala n'kutsalako ya ufa wa tirigu.